Mwini Gule Ndani: Woimba Kapena Wosunga Thumba?

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2024, anthu okonda nyimbo mumzinda wa San Francisco ku Amereka adadzidzimuka pomva kuti Esa-Pekka Salonen, katswiri wa ku Finland amene ankatsogolera gulu lalikulu la oimba la mumzindawo, sadzapitiriza ntchito pangano lake likadzatha mu Juni 2025. Sikuti mkuluyu adadwala kapena kutopa, ndipo sadakangane ndi oimba ake. Iye adanena poyera kuti zolinga zake pa za tsogolo la gululo zidali zosiyana ndi zolinga za bodi yoliyendetsa. Bodiyo idali itayamba kale kudula ndalama: ulendo wokaimba ku Ulaya udalephereka, ndipo ntchito zina zoyesa nyimbo zatsopano zidachepetsedwa. Oimba adafunsa kuti zingatheke bwanji gulu lokhala ndi chuma chosungidwa choposa madola 300 miliyoni kumalira umphawi. Abodi adayankha kuti chaka ndi chaka ndalama zotuluka zinkaposa zolowa, ndipo kuti nkhokwe yotapa mosabwezera imatha, ikule chotani. Mu Sepitembala chaka chomwecho kwaya ya gululo idanyanyala ntchito pokana kudulidwa kwa malipiro, kotero kuti nyimbo ya Verdi yotchedwa Requiem, imene idayenera kutsegulira nyengo ya makonsati, sidaimbidwe.

Munthu womvera patali angayese kuti umenewu ndi mkangano wa anthu okhuta, wosayenera kutayirapo nthawi. Komatu pansi pake pali funso limene limavutitsa sukulu, chipatala ndi bungwe lililonse logwira ntchito yofunika koma yosabweza ndalama: ngati zolowa sizikwana, atsekere dzenjelo ndani, nanga wotsekerayo akhale ndi mphamvu yotani pa ogwira ntchitoyo?

Poyamba pafunika kumvetsa kukula kwa chinthuchi. M'Malawi mawu akuti orchestra adazolowereka kaamba ka bandi ya apolisi ya dzina limenelo, koma gulu limene likunenedwa pano ndi lina. Ndi gulu la anthu pakati pa 80 ndi 100 oliza zida pamodzi, motsatira nyimbo zolembedwa papepala. Oposa theka amaliza mavayolini ndi abale ake akuluakulu, zida zansambo zokwechedwa ndi uta monga muja achitira kaligo. Otsalawo amaliza zitoliro, malipenga ndi ng'oma zamitundumitundu. Patsogolo pawo pamaima mtsogoleri atagwira kamtengo, amene amatchedwa kondakitala, ngakhale kuti sadula matikiti ngati mnzake wa m'basi. Aliyense mwa anthuwa adayamba kuphunzira chida chake ali mwana, ndipo ntchitoyo adaipeza popikisana ndi anzake ambirimbiri. M'magulu ambiri a ku Amereka, kuyambira cha m'ma 1970, wofuna ntchito amaimbira kuseri kwa katani kuti oweruza amve luso lokha osaona nkhope.

Kuseri kwa oimbawo kuli khamu lina losaoneka: wosunga mapepala a nyimbo, onyamula ndi kukonza zida, ogulitsa matikiti, olengeza malonda, alembi a ndalama, ndiponso ofesi yathunthu imene ntchito yake ndi kupempha basi. Konsati isanachitike gulu limakumana katatu kapena kanayi kukonzekera, holo ili yopanda munthu, ndipo maola onsewo ndi olipidwa. Katswiri wa piyano kapena vayolini akaitanidwa kuchokera kunja amafuna malipiro akeake. Nyimbo ikakhala ya wopeka wamoyo, kapena amene wamwalira posachedwa, mapepala ake amachita kubwereka ndi ndalama. Tsono holo imalowa anthu 2,000 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mipando singachuluke pokhapokha atagumula khoma. Nchifukwa chake m'magulu akuluakulu a ku Amereka ndalama za matikiti nthawi zambiri sizifika ndi theka lomwe la ndalama zoyendetsera gulu, ngakhale holo izidzaza usiku uliwonse.

Nthenda yosachiritsika

Chimene chimachititsa zimenezi chidafotokozedwa bwino m'chaka cha 1966 ndi akatswiri awiri a za chuma a ku Princeton, William Baumol ndi William Bowen. Maganizo awo ndi osavuta kuwatsata. M'fakitale makina atsopano amathandiza munthu mmodzi kupanga katundu amene kale ankafuna anthu 10, choncho mwini fakitale angathe kukweza malipiro popanda kukweza mtengo wa katundu. Pa nyimbo sizitero. Nyimbo yaikulu yachisanu ndi chinayi ya Beethoven idaimbidwa koyamba ku Vienna m'chaka cha 1824, ndipo imatenga nthawi yopitirira ola limodzi. Patapita zaka 200 ikutengabe nthawi yomweyo, ikufunabe gulu lathunthu, kwaya ndi oimba anayi otsogolera. Palibe makina amene angaifupikitse, ndipo wochotsa theka la mavayolini ndiye kuti waiwononga. Koma woliza vayoliniyo amagula chakudya ndi kulipira lendi mumzinda womwewo ndi injiniya ndi loya. Malipiro ake akatsalira kwambiri, ana aluso adzasankha ntchito zina. Motero mtengo wa konsati umakwera chaka ndi chaka pamene zokolola zake zili chiimire.

Baumol adaonetsanso kuti nthenda yomweyi ili m'maphunziro ndi m'zipatala, ndipo aphunzitsi sangavutike kuizindikira. Mphunzitsi wa lero sangaphunzitse mwana kuwerenga mofulumira kakhumi kuposa mphunzitsi wa m'chaka cha 1950. Njira yokhayo yotsitsira mtengo ndiyo kuunjika ana ambiri m'kalasi imodzi, ndipo zotsatira zake zimadziwika.

Apa ndipofunika kuchitira chilungamo mabodi: kuperewera kwa ndalama m'magulu a orchestra si bodza, ndiponso nthawi zambiri si umbava kapena ulesi. Ndi chibadwa cha ntchitoyo. Palibe manijala wanzeru amene angachititse gulu la anthu 90 kudzilipira ndi matikiti okha. Ntchito yeniyeni ya oyendetsa gulu ndi kupeza wotseka dzenje, chaka chino ndi chaka chamawa ndi chinacho, mpaka kalekale.

Ku Amereka wotseka dzenjeyo ndi munthu wachuma. Mwambowu udayamba ndi Henry Lee Higginson, mkulu wa za mabanki, amene adakhazikitsa gulu la Boston m'chaka cha 1881 ndipo ankalipira yekha zonse zoperewera mpaka 1918. Popeza thumba lidali lake, mawu omaliza adalinso ake: ankalemba ndi kuchotsa makondakitala monga afunira, ndipo sankafuna kumva za bungwe la antchito. Gulu la Boston lidalowa m'bungwe la oimba m'chaka cha 1942, pambuyo pa magulu ena onse akuluakulu. M'malo mwa munthu mmodzi, lero pali bodi ya anthu ambiri, makamaka eni mabanki, makampani ndi mabanja olemera. Iwowa salandira malipiro. M'malo mwake amayembekezeka kupereka ndi kupemphetsa kwa anzawo. Boma la Amereka limapereka zochepa kwambiri mwachindunji, koma limathandiza mwa njira ina: wopereka mphatso ku gulu lotere amachotseredwa msonkho.

Mphatso zina sizidyedwa nthawi yomweyo. Zimasungidwa m'thumba lapadera limene limaikidwa m'masheya ndi m'malonda ena, ndipo gulu limayenera kutapamo pang'ono chabe pachaka, kawirikawiri magawo 4 kapena 5 pa 100 alionse, kuti thumbalo lisaphwe. Ndi chimodzimodzi mbewu ya mlimi: wodya mbewu amakhuta lero koma sadzala. Ndiponso mphatso zambiri zimabwera ndi malamulo a mwini wake, mwina kuti zilipire mpando wa woliza chitoliro woyamba basi, kapena maphunziro a ana basi. Choncho madola 300 miliyoni a ku San Francisco aja sadali ndalama zongotapa. Pamenepo abodi ankanena zoona. Koma kuti atape zingati, liti, ndi kuzionetsa motani m'mabuku, zimenezo amasankha ndi anthu, ndipo nkhani ya ku Minnesota idaonetsa mmene kusankhako kungasandukire chida chomenyera nkhondo.

Miyezi 16 ya chete ku Minneapolis

Gulu la Minnesota Orchestra lidayamba m'chaka cha 1903 mumzinda wa Minneapolis. Kuyambira 2003 linkatsogoleredwa ndi Osmo Vänskä, nayenso wa ku Finland, amene adaphunzira ukondakitala kwa mphunzitsi mmodzi ndi Salonen, Jorma Panula, ku Helsinki. Pansi pa Vänskä gululi lidakwera kwambiri, ndipo zimbale zake za nyimbo za Beethoven ndi Sibelius zidatamandidwa kutali. Koma mavuto a zachuma a m'chaka cha 2008 adagwetsa mitengo ya masheya, thumba losungidwa lija nkuphwa. Magulu ena adali atagwa kale m'mavuto omwewo. Oimba a ku Detroit adanyanyala ntchito miyezi 6 kuyambira Okutobala 2010 ndipo adabwerera malipiro atadulidwa kwambiri. Mu Epulo 2011 gulu lotchuka la Philadelphia lidapita kukhoti kukanena kuti silingathe kukwaniritsa ngongole zake, makamaka za penshoni, chinthu chimene gulu la msinkhu wotero lidali lisanachitepo.

M'chaka cha 2012 pangano la oimba a ku Minnesota lidali kutha. Bodi, imene atsogoleri ake awiri, Jon Campbell ndi Richard Davis, adali akuluakulu a mabanki, pamodzi ndi manijala wamkulu Michael Henson, idati malipiro adulidwe ndi magawo 30 mpaka 40 pa 100 alionse. Oimba adakana, napempha kuti akatswiri apadera aunike mabuku a ndalama. Pa 1 Okutobala 2012 bodi idawatsekera kunja. Kutsekera kunja nkosiyana ndi sitiraka: pa sitiraka antchito ndiwo amakana kugwira ntchito, koma apa bwana ndiye amatseka chitseko. Malipiro adaima, inshuwalansi ya kuchipatala idaima, ndipo makonsati adayamba kufafanizidwa mwezi ndi mwezi.

Chimene chidawawitsa oimba mtima nchakuti pa nthawi yomweyo holo ya gululo idali kukonzedwa ndi madola pafupifupi 50 miliyoni, ndipo mwa ndalamazo madola 14 miliyoni adachokera ku boma la chigawo cha Minnesota. Abodi adafotokoza kuti ndalama za nyumba nzosiyana ndi za malipiro, ndipo kuti anthu achuma amapereka msanga pa chomanga chimene dzina lawo lidzalembedwa pakhoma kusiyana ndi pa malipiro a woliza lipenga wachitatu. Zimenezo nzoona, ndipo ndi chimodzi mwa zofooka zazikulu za njira ya ku Amereka. Koma patangopita milungu ingapo nyuzipepala ya Star Tribune idatulutsa zolembedwa za misonkhano ya bodi ya m'chaka cha 2009. Zolembedwazo zidaonetsa kuti akuluakuluwo adakambirana zoti m'zaka za 2009 ndi 2010, pamene ankapempha ndalama za holo ku boma ndi kwa anthu, mabuku azioneka olingana potapa zambiri m'thumba losungidwa. Ndipo kuti m'zaka za 2011 ndi 2012, pamene zokambirana ndi oimba zidzayandikira, kuperewera kuonekere poyera. Ndipo zidachitikadi motero: m'chaka cha 2012 gulu lidalengeza kuperewera kwa madola 6 miliyoni.

Woyang'anira mabuku a boma la chigawocho ataunika, sadapeze kuti ndalama za boma zidagwiritsidwa ntchito molakwika. Palibe adaba khobidi. Koma chikhulupiriro chidali chitafa. Buku limodzimodzi lidauza aphungu kuti gulu lili bwino, kenako lidauza oimba kuti gulu likufa, ndipo kuyambira pamenepo nambala iliyonse yochokera ku ofesi inkalandiridwa ndi chikayiko. Pambuyo pake zidadziwikanso kuti miyezi ingapo chitseko chisanatsekedwe, ofesi ya gululo idagula mayina angapo a pa intaneti amene anthu ofuna kupulumutsa gululo akadafuna kugwiritsa ntchito. Kanthu kakang'ono, koma kadaonetsa kuti nkhondoyo idakonzedwa kale anthu asanakhale pansi kukambirana.

Oimba sadakhale manja lende. Adayamba kukonza makonsati awoawo m'maholo obwereka, kudzigulitsira matikiti ndi kudzipemphera ndalama, ndipo anthu ankadzaza. Pamenepo funso lidabuka limene bodi sidaliyembekezere: kodi Minnesota Orchestra ndi ndani kwenikweni? Ndi bungwe lokhala ndi dzina, holo ndi thumba koma lopanda woimba mmodzi, kapena ndi anthu amene akuimba Sibelius kutsidya kwa msewu? Omvera nawonso adapanga mabungwe awo nayamba kuwerenga mabuku a gululo mzere ndi mzere. Koma njala sinamizika. Oimba ena aluso adapeza ntchito m'mizinda ina osabwereranso, ndipo gulu lotere silimangidwa polemba anthu atsopano mawa lake. Kumvana kwa anthu 90 kuti alize ngati munthu mmodzi kumatenga zaka zambiri.

M'chaka cha 2013 George Mitchell, amene adathandiza kubweretsa mtendere ku Northern Ireland m'chaka cha 1998, adaitanidwa kudzakhala mkhalapakati, koma nayenso adalephera. Vänskä adali atachenjeza kuti makonsati amene gululo lidayenera kukachita ku Carnegie Hall mumzinda wa New York mu Novembala akalephereka, iye adzatula pansi udindo. Adalepherekadi, ndipo pa 1 Okutobala 2013, tsiku limene kutsekera kunja kudakwanitsa chaka, Vänskä adatula pansi udindo. Masiku ochepa pambuyo pake adatsogolera oimba otsekeredwawo pa makonsati otsanzikana m'holo ya yunivesite. Pomaliza adaimba kanyimbo kachisoni ka Sibelius kotchedwa Valse triste, ndipo adapempha anthu kuti asaombe m'manja. Anthu adatuluka mwakachetechete ngati pamaliro.

Chidathetsa mkanganowo si chifundo ayi. Popeza holo idakonzedwa ndi ndalama za boma, akuluakulu a mzinda adayamba kufunsa ngati bungwe losachititsa makonsati lili ndi ufulu wokhalabe m'holoyo. Opereka mphatso nawonso adayamba kuumitsa dzanja, pakuti ndani apereka ku gulu la oimba losaimba? Pa 14 Januwale 2014 mbali ziwirizo zidagwirizana, ndipo ntchito idayambiranso pa 1 Febuluwale. Oimba adalola kudulidwa magawo 15 pa 100 alionse m'chaka choyamba, kenako nkumakwera pang'onopang'ono. M'mwezi womwewo wa Januwale chimbale cha gululo cha nyimbo za Sibelius, chojambulidwa chitseko chisanatsekedwe, chidalandira mphotho ya Grammy. Pasanathe miyezi yambiri Henson adachoka, atsogoleri a bodi adasintha, ndipo Vänskä adabwerera pa mpando wake, pamene adakhalapo mpaka 2022.

Kuwerengera kwake nkomvetsa chisoni. Kusiyana kwa zimene bodi inkafuna ndi zimene idapeza kukadatheka kukambirana m'milungu yochepa. M'malo mwake mzinda udakhala miyezi 16 wopanda gulu lake, ndipo zonsezi zidachokera pa kulakwa kumodzi: abodi adaona oimba ngati mzere wa ndalama zotuluka, woyenera kuchepetsedwa monga achepetsera mafuta a galimoto, kuiwala kuti oimbawo ndiwo katundu yekhayo amene gulu limagulitsa, kwa ogula matikiti ndi kwa opereka mphatso omwe. Si magulu onse amene adapulumuka chotere. Ku San Antonio, m'chigawo cha Texas, oimba adanyanyala ntchito mu Sepitembala 2021 pokana kuchepetsedwa, ndipo mu Juni 2022 bodi idathetseratu gululo, limene lidakhalapo kuyambira 1939. Oimbawo adachita kuyamba gulu latsopano paokha.

Kumene boma limalipira, ndi kumene oimba amadzilamulira

Ku Jeremani dzenje lija limatsekedwa ndi msonkho. Mizinda, zigawo ndi mawayilesi a boma ndiwo amasunga magulu a orchestra, mwambo wochokera ku masiku amene kalonga aliyense ankakhala ndi oimba ake. Woimba kumeneko ali ngati wantchito wa boma, ndipo matikiti ndi otsika mtengo. Koma wodalira boma amadaliranso nyengo ya ndale. M'chaka cha 1992, dziko litangogwirizana, magulu otere adalipo 168. M'zaka zotsatira ambiri adatsekedwa kapena kuphatikizidwa, makamaka kum'mawa, mpaka kutsala pafupifupi 130. M'chaka cha 2016 wayilesi ya SWR idaphatikiza magulu ake awiri otchuka kukhala limodzi pofuna kupulumutsa ndalama, ngakhale akatswiri ambiri adachonderera. Lumo ndi lomwelo, kungoti wogwira ndi wina.

Njira yachitatu idabadwira ku London, ndipo idabadwa mwa mkangano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 oimba a mumzindawo adali ndi chizolowezi chodabwitsa: woimba akapeza ganyu yolipira bwino kwina, ankatumiza mnzake kukamuimirira, kotero kuti kondakitala ankatha kukonzekera ndi nkhope zina nkudzaona nkhope zina pa tsiku la konsati. M'chaka cha 1904 Henry Wood ndi manijala wake Robert Newman adaletsa chizolowezicho m'gulu la Queen's Hall. Oimba ambiri adachoka nakhazikitsa gulu laolao, London Symphony Orchestra, limene lidaimba koyamba pa 9 Juni 1904 motsogozedwa ndi Hans Richter. Eni ake a kampaniyo ndi oimbawo. Iwo ndiwo amasankha bodi, kulemba manijala ndi kuitana kondakitala; bwana wa kamtengo uja ndi waganyu wawo. Magulu ena atatu a ku London adatsata njirayi pambuyo pake, aliyense atasiyidwa padzuwa ndi amene ankamusunga. Gulu la Philharmonia, mwachitsanzo, lidadziimira palokha m'chaka cha 1964 pamene mwini wake Walter Legge adafuna kulithetsa. Nalonso gulu lotchuka la Berlin lidayamba m'chaka cha 1882 ndi oimba ogalukira bwana wawo, ndipo mpaka lero oimba ndiwo amavotera kondakitala wamkulu, monga adachitira posankha Kirill Petrenko m'chaka cha 2015.

Kudzilamulira kumamveka kokoma, koma walira mvula walira matope. Oimba a m'magulu odzilamulira a ku London salandira malipiro a pamwezi. Amalipidwa pa ntchito imene agwira. Ntchito ikasowa palibe bwana womunyanyalira. Nchifukwa chake amagwira ntchito mothamanga, kukonzekera kochepa, maulendo ambiri, ndipo salola ganyu kudutsa: nyimbo za filimu ya Star Wars m'chaka cha 1977 adajambula ndi a London Symphony Orchestra. Gululi litasamukira ku holo ya Barbican m'chaka cha 1982 lidatsala pang'ono kugwa ndi ngongole. Amene adalipulumutsa sadali mkulu wa banki koma woimba mnzawo, Clive Gillinson, woliza vayolini wamkulu wotchedwa cello, amene adaika chida pansi m'chaka cha 1984 nakhala manijala mpaka 2005. Oimba adalola kumanga malamba chifukwa wowauza za ngongoleyo adali mmodzi wa iwo, ndipo mabuku adali awo. Ngakhale zili choncho, magulu amenewa sadzikwanira; amalandirabe thandizo ku bungwe la boma la Arts Council England, limene m'chaka cha 2022 lidachepetsa gawo la ena mwa iwo pofuna kutumiza ndalama kunja kwa London.

Poyerekeza njira zitatuzi chimaoneka nchakuti palibe imene imachiza nthenda ya Baumol. Wachuma amatopa, boma limasintha maganizo, ndipo woimba wodzilamulira amalipira ndi thukuta ndi nkhawa. Kusiyana kuli pa amene amaona mabuku ndi amene amafunsidwa lumo lisanadule. Ku London nkhani yoipa imalandirika chifukwa wodulidwa ndi wodula ndi munthu mmodzi. Ku Minneapolis m'chaka cha 2012, ndi ku San Francisco m'chaka cha 2024, oimba ndi kondakitala adamva ngati alendo m'nyumba imene iwo eni ndiwo adaipatsa dzina. Bodi ya ku San Francisco mwina idawerengera bwino ndalama zake, koma bodi imene yataya kondakitala wa msinkhu wa Salonen pofuna kupulumutsa ndalama iyenera kudzifunsa chimene idzaonetse anthu achuma pokapempha mawa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mutu wa wosunga thumba suli wosiyana ndi ina.

Anthu a ku Minnesota adaphunzira zimenezi mowawa. Mkangano utatha, oimba adayamba kukhala nawo m'makomiti okonza mapulogalamu ndi kukambirana za tsogolo la gulu pamodzi ndi abodi ndi a muofesi. Mu Meyi 2015 gululo lidapita kukaimba ku Havana m'dziko la Cuba, loyamba mwa magulu akuluakulu a ku Amereka kutero maiko awiriwo atayamba kuyanjananso, ndipo ulendowo udakonzedwa m'miyezi yochepa ndi anthu amene chaka ndi theka m'mbuyomo sankapatsana moni. Dzenje la ndalama silidatsekeke ayi: m'chaka cha 2019 gulu lidalengeza kuperewera kwa madola 8.8 miliyoni, koposa kuja kudatsekeretsa chitseko m'chaka cha 2012. Kenako m'chaka cha 2020 mliri wa Covid-19 udatseka maholo onse. Ku New York oimba a ku Metropolitan Opera adakhala pafupifupi chaka chathunthu osalandira malipiro, ena mpaka kusamuka mumzindawo. Ku Minneapolis oimba ndi abodi adakhala pansi, nagwirizana zodula malipiro kwa kanthawi, ndipo gulu lidapitiriza kuimba m'holo yopanda anthu, makonsati ake nkumaulutsidwa pa wayilesi, pa kanema ndi pa intaneti.